Maliro Opanda Manda

Kwathu kuno munthu akamwalira, mwambo umatiuza chochita. Mfumu imatuma anyamata kukanena uthenga, amayi amasonkhana m'nyumba ya siwa, abambo amasonkha moto panja, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. Wochokera kutali amagwada pafupi ndi anamfedwa napereka chipepeso chake, ngakhale kakhale kambale ka ufa. Palibe amene amadikira kuitanidwa, pakuti makolo adanena kale kuti maliro n'kulirana. Tikaika thupi m'manda timabwerera kumudzi, ndipo pang'onopang'ono mtima umayamba kukhala pansi.

Koma pali chisoni china chimene mwambo sudachikonzere njira. Munthu watengedwa usiku ndi anthu a boma, ndipo boma lomwelo likukanitsitsa kuti silikumudziwa. Palibe mtembo, palibe manda, palibe tsiku loti n'kulembetsa Misa ya akufa. Mkazi sadziwa ngati akadali pabanja kapena ndi wamasiye. Mayi amaopa kulira, poganiza kuti kulirako n'kuvomereza kuti mwana wapita. Kodi banja lotere tingalitonthoze bwanji? Mwezi uno tiyeni tione mbiri ya dziko la Argentina, ku South America, kumene funso limeneli lidagwera mabanja zikwizikwi, ndi kumene makalata a anthu osawadziwa adathandiza amayi ofooka kuima nji pamaso pa mfuti.

Usiku ndi nkhungu

Kusowetsa anthu ndi nzeru yoipa imene olamulira ena adachita kuikhalira pansi. Pa 7 Disembala 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, Adolf Hitler adakhazikitsa lamulo limene lidatchuka ndi dzina loti Usiku ndi Nkhungu. Lamulolo linkati anthu otsutsa ulamuliro wa Germany m'maiko amene iye adawalanda, monga France, Belgium, Netherlands ndi Norway, azitengedwa mwakachetechete, ndipo abale awo asamauzidwe kanthu. Olemba lamulolo ankadziwa kuti munthu wophedwa poyera amasiya manda, ndipo pamanda anthu amasonkhana ndi kukumbukira. Koma munthu akangozimirira, otsala amagwidwa ndi mantha osatha, aliyense n'kudzitsekera m'nyumba mwake.

Patapita zaka zoposa 30 nzeru yomweyi idafika ku Argentina. Pa 24 Malichi 1976 asilikali, motsogozedwa ndi General Jorge Rafael Videla, adalanda boma. N'zoona kuti nthawi imeneyo m'dzikomo mudali magulu a zigawenga amene ankapha anthu ndi kuphulitsa mabomba. Koma asilikali sadalekere pa zigawenga. Adayamba kusaka aliyense amene ankamukayikira: atsogoleri a anthu apantchito, ana asukulu, atolankhani, maloya, ngakhale aphunzitsi a katekisimu amene ankathandiza anthu m'madera a osauka.

Kachitidwe kake kadali kamodzimodzi pafupifupi paliponse. Amuna ovala zovala wamba koma onyamula mfuti ankafika usiku pagalimoto yopanda nambala, kawirikawiri Ford Falcon yobiriwira. Ankathyola chitseko, kumanga munthu kumaso ndi kumuponya m'galimoto. Kukacha banja linkathamangira kupolisi, apolisi n'kunena kuti sakudziwa kanthu. Kuchipatala kulibe, kundende kulibe, kunyumba yachisoni kulibe. Kukhoti woweruza ankafunsa asilikali, asilikali n'kuyankha kuti munthu wa dzina limenelo sali m'manja mwawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Chonsecho munthuyo ali kumalo obisika kumene ankazunzirako anthu. Komiti imene boma la anthu wamba lidakhazikitsa mu Disembala 1983 idapeza malo otere pafupifupi 340, ndipo idalemba maina a anthu osowa pafupifupi 9,000, ikuchenjeza kuti mndandandawo ngosakwanira. Mabungwe oona za ufulu wa anthu amati chiwerengero chidafika 30,000. Mu Disembala 1979 Videla mwini wake adauza atolankhani kuti wosowa ndi munthu amene sali moyo komanso sadafe.

Chilonda chachiwiri

Chilonda choyamba chidali kutayika kwa mwana. Chachiwiri, chimene amayi ambiri adachifotokoza pambuyo pake, chidali kuthawidwa ndi anthu. Oyandikana nawo nyumba, amene adaona zonse pazenera, ankadutsa ngati sadaone. Achibale ena adaleka kubwera kudzacheza, ena ankaopa ngakhale kuimba telefoni. M'dzikomo mudafala kamawu kakuti chilipo chimene wotengedwayo adalakwa. Kamawu kameneka kankakhazika mtima pansi wokanenayo, pakuti kankamuuza kuti iye wosalakwa sadzatengedwa; koma kwa mayi wa wosowa kadali tsabola pachilonda.

Tisafulumire kuwaweruza anthu amenewa. Mantha awo adali ndi chifukwa, pakuti ngakhale loya wolembera banja dandaulo ankatha kusowa nayenso. Komabe tizindikire kuti kukhala chete kwa anansi kudali mbali ya chida chomwecho. Wosowetsa anthu amafuna kuti wotengedwayo aiwalike, ndi kuti banja lake litsale lokhalokha mpaka liyambe kudzikayikira. Paja kali kokha n'kanyama.

Tiyeneranso kuvomereza, ngakhale zikuchititsa manyazi, kuti ambiri mwa amayi amenewa adali Akatolika, ndipo adagogoda pakhomo la Eklezia, koma si onse adawatsegulira. Maepiskopi ambiri a dzikolo adasankha kulankhula ndi asilikali mseri kapena kungokhala chete. Ena mwa ansembe otumikira asilikali ndi apolisi adagwirizana ndi ozunza. Mmodzi mwa iwo, Christian von Wernich, khoti lidamulamula mu 2007 kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Koma adaliponso abusa amene sadathawe nkhosa. Ambuye Jaime de Nevares a ku Neuquén, Ambuye Jorge Novak a ku Quilmes ndi Ambuye Miguel Hesayne a ku Viedma adalandira mabanja ndi kuwalankhulira poyera. Ambuye Enrique Angelelli a ku La Rioja adaphedwa pamsewu pa 4 Ogasiti 1976, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Eklezia adawaika m'gulu la Odala mu 2019.

Amayi 14 pabwalo

Amayi ofunafuna ana awo adayamba kudziwana pamizere ya m'maofesi, pamene tsiku ndi tsiku ankaona nkhope zomwezomwezo. Mmodzi mwa iwo, mayi Azucena Villaflor, amene mwana wawo wamwamuna adatengedwa mu Novembala 1976, adatopa ndi kudikira m'makonde. Adauza anzawo kuti apite pabwalo lalikulu la mzinda wa Buenos Aires, lotchedwa Plaza de Mayo, pamaso pa nyumba ya boma, kuti olamulira awaone ndi maso. Loweruka pa 30 Epulo 1977 padafika amayi 14. Pambuyo pake adasankha Lachinayi, nthawi ya 3:30 masana. Popeza lamulo linkaletsa anthu kuunjikana, apolisi adawauza kuti asaime, aziyenda. Amayiwo adamvera: adagwirana mikono awiriawiri nayamba kuyenda mozungulira pabwalopo. Kuzungulira kwa Lachinayi kudayamba motero, ndipo mu Ogasiti 2016 kudachitika ka 2,000.

Mu Okutobala 1977 adalowa nawo ulendo wapansi wa chaka ndi chaka wopita kutchalitchi chachikulu cha Amayi Maria ku Luján. Kuti azindikirane pakati pa chikhamu cha anthu, adagwirizana zomanga kumutu thewera loyera la mwana. Thewera lija ndilo lidasanduka duku loyera limene dziko lonse lidawadziwira, ndipo pambuyo pake ankasokerapo dzina la mwana ndi tsiku limene adatengedwa. A boma ankangowatcha amisala a pabwalo.

Mawu oyamba olimbikitsa amayiwa adapatsana okhaokha. Taonani za mayi Esther Ballestrino de Careaga. Mwana wawo wamkazi, amene adali woyembekezera, adatengedwa mu Juni 1977, koma patapita miyezi ingapo adamasulidwa. Mayiwo adamuthawitsira kunja kwa dziko, iwo n'kubwereranso pabwalo paja. Anzawo atadabwa kuti abwereranji wawo atapezeka, adayankha kuti ana a anzawo akadali osapezeka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi amenewa ndi omwe zaka zambiri m'mbuyomo adali oyang'anira ntchito a mnyamata Jorge Bergoglio m'nyumba yopimira zinthu, uja adadzakhala Papa Francis mu 2013.

Ku tchalitchi cha Santa Cruz

Ansembe a chipani cha Passionist adatsegula tchalitchi chawo cha Santa Cruz kuti mabanja azikumanirako. Kumeneko kunkabweranso Sisitere Alice Domon a ku France, amene adadzipereka kuyenda ndi mabanjawo. M'gulumo mudalowa mnyamata wooneka wofatsa, wodzitcha Gustavo Niño, amene ankati mbale wake adasowa. Amayi adamukonda ngati mwana wawo, namamuchenjeza kuti azidzisamala. Sadadziwe kuti adali Alfredo Astiz, msilikali wa pamadzi wotumidwa kudzachita ukazitape.

Pa 8 Disembala 1977, tsiku la chaka cha Amayi Maria Opanda Tchimo, gululo lidakumana kusonkha ndalama zolipirira chilengezo m'nyuzipepala ya La Nación, chopempha boma kuti linene zoona. Potuluka adapeza amuna amfuti akuwadikira. Kuyambira pa 8 mpaka pa 10 Disembala anthu 12 adatengedwa, ndipo mwa iwo mudali mayi Ballestrino, mayi María Ponce de Bianco, Sisitere Domon ndi mnzawo Sisitere Léonie Duquet. Mayi Villaflor adawagwira m'mawa wa pa 10 Disembala atatuluka kukagula nyuzipepala imene mudatuluka chilengezo chija. Onsewo adapita nawo ku ESMA, sukulu ya asilikali a pamadzi imene idasanduka malo ozunzirako anthu, ndipo patapita masiku owerengeka adawabaya jekeseni wogonetsa ndi kuwaponya m'nyanja kuchokera m'ndege.

Olamulira adayesa kuti gulu latha. Amayi ena adachitadi mantha nasiya, koma ena adabwerera pabwalo, ochepa ndi onjenjemera, anansi awo ali chete kuposa kale. Nthawi imeneyi ndi imene mawu ochokera kutsidya kwa nyanja adafunika koposa.

Makalata ochokera kutali

Kuti timvetse kumene chizolowezi cholembera anthu osawadziwa chidachokera, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Pa 28 Meyi 1961 loya wina wa ku England, Peter Benenson, adalemba nkhani m'nyuzipepala ya The Observer yonena za akaidi oiwalika, anthu omangidwa chifukwa cha maganizo kapena chipembedzo chawo, napempha anthu wamba kuti alembe makalata. Pamenepo padabadwa bungwe la Amnesty International. Timagulu tating'ono tinkapatsidwa maina a akaidi. Tinkalembera boma lomangalo mwaulemu koma mosatopa, ndiponso tinkalembera banja la mkaidiyo, nthawi zina kutumizako kangachepe kapena khadi la Khirisimasi.

Mu Malichi 1973 bungweli lidayesa njira yachangu. Mphunzitsi wina wa pa yunivesite ku Brazil, Luiz Rossi, adali atatengedwa panyumba pake ndi a chitetezo a boma la asilikali la dzikolo. Uthenga utafika ku London, anthu a m'maiko ambiri adalemba makalata nthawi imodzi. Mkazi wake ataitanidwa kulikulu la apolisi adapeza mwamuna wake ali moyo, ndipo akuluakulu adamuonetsa mulu wa makalata, akudabwa kuti munthu ameneyu adadziwika bwanji dziko lonse. Rossi adamasulidwa mu Okutobala chaka chomwecho. Phunziro lidali loti munthu amene dzina lake likutchulidwa kunja ngovuta kumupha mwakachetechete.

Ku Argentina bungweli lidatumizako nthumwi zitatu mu Novembala 1976, mmodzi mwa iwo wansembe wa chipani cha Ajezwiti, Bambo Robert Drinan, ndipo mu Malichi 1977 lidasindikiza lipoti lokhala ndi maina a osowa. Koma chimene chidatsegula maso a anthu wamba ndi mpira. Mu Juni 1978 Argentina idachititsa mpikisano wa World Cup, ndipo asilikali adafuna kuonetsa alendo dziko lamtendere ndi lachimwemwe. Bwalo la River Plate, kumene kudachitikira mwambo wotsegulira ndi masewero omaliza, lili pafupi ndi ESMA, kotero kuti akaidi ankamva phokoso la ochemerera. Tsiku lotsegulira, pa 1 Juni, lidali Lachinayi. Atolankhani a wailesi yakanema ya ku Netherlands adapita ku Plaza de Mayo najambula amayi a maduku oyera akulankhula mothamangitsana, akupempha kuti wina awauze kumene kuli ana awo.

Amayi a ku Netherlands ataona zithunzizo sadangopukusa mitu. Adalembera anzawo a ku Buenos Aires kuwauza kuti awaona ndipo ngokonzeka kuwathandiza. Adakhazikitsa kagulu kotchedwa SAAM, kamene mmodzi mwa atsogoleri ake adali mayi Liesbeth den Uyl, mkazi wa nduna yaikulu yakale ya dzikolo. Ndalama zimene adasonkha zidathandiza amayi a ku Argentina kupeza nyumba yawoyawo yokumaniramo mu 1980. Kufikira nthawi imeneyo ankakumana mobisala m'matchalitchi, m'nyumba zomwera tiyi ndi m'makomo mwa anzawo. Ku Paris anthu ankasonkhana Lachinayi lililonse pa ofesi ya kazembe wa Argentina kwa zaka zingapo. Ku Brazil, Kadinala Paulo Evaristo Arns a ku São Paulo adateteza kagulu ka Clamor, kamene kuyambira 1978 kankalandira othawa ndi kulemba maina a osowa. Ndipo pa 28 Okutobala 1979 Papa John Paul II adalankhula poyera ku Rome za osowa a ku Argentina ndi Chile ndi za chisoni cha mabanja awo.

Kodi pepala lingachite chiyani?

Tinene zoona: makalata sadabweze ana ambiri. Ochuluka mwa osowawo adali ataphedwa kale kalata isadalembedwe. Nanga idagwira ntchito yanji?

Choyamba, idatchinjiriza otsala. Kusowa kwa asisitere awiri a ku France kudautsa phokoso lalikulu kunja, ndipo olamulira adazindikira kuti maiko akuyang'ana. Amayi adapitirirabe kuopsezedwa, kutsekeredwa ndi kuthamangitsidwa pabwalo, makamaka mu 1979, koma kudali kovuta tsopano kufafaniza gulu lawo mumdima monga adayesera mu Disembala 1977.

Chachiwiri, idabwezera amayi ulemu wawo. Munthu amene boma, wailesi, nyuzipepala ndi anansi onse akumuuza kuti mwana wake adangothawira kunja, kapena kuti iyeyo mutu sukuyenda bwino, amafika podzifunsa ngati n'zoona. Tsono taganizirani mayi wotere akutsegula envulopu ya sitampa yachilendo, napeza kuti mayi mnzake wa chilankhulo china, amene alibe chopindula, akumukhulupirira. Kwa munthu amene wakhala akukanidwa pa ofesi iliyonse, kukhulupiriridwa ndi chakudya.

Chachitatu, idasunga dzina. Cholinga cha osowetsa chidali choti munthu akhale ngati sadabadwe. Kalata iliyonse yotchula dzina lake, zaka zake ndi tsiku limene adatengedwa idali umboni woti munthuyu adalipo, ndipo alipo amene ayenera kuyankhapo.

Osapepesa maliro

Pali phunziro lina limene ife ozolowera chipepeso tingathe kuliphonya. Mu Seputembala 1979, mwezi umene nthumwi za bungwe la maiko a ku America loona za ufulu wa anthu zidafika m'dzikomo ndi kulandira madandaulo oposa 5,000, boma la asilikali lidakhazikitsa lamulo lolola kuti wosowa alembedwe kuti adafa. Pamwamba lamuloli linkaoneka lachifundo, pakuti popanda kalata ya imfa banja linkavutika pa nkhani za chuma chamasiye ndi penshoni. Koma amayi a pabwalo adalikana. Maganizo awo adali akuti amene adatenga ana ali moyo ndiye anene chimene adawachita. Si udindo wa mayi kupha mwana wake papepala kuti wolakwa apume. Kuyambira 1980 mfuu yawo idali yoti ana awo aonekere amoyo. Mu 1994 ndi pamene dzikolo lidakhazikitsa lamulo lolola kuti munthu alembedwe kuti adasowetsedwa, banja osakakamizidwa kunena kuti adafa.

Choncho wolembera banja lotere ayenera kusamala lilime. Mawu amene patsiku la maliro amatonthoza, apa amabaya. Kuuza mayi kuti avomereze, aiwale kapena asiye zonse zipite ndi kumaliza ntchito imene osowetsa adaiyamba. Mwini wake yekha ndiye angadziwe tsiku lovala zakuda.

Mlandu suola

Ulamuliro wa asilikali udagwedezeka utagonja pankhondo ya zilumba za Falkland mu 1982, ndipo Raúl Alfonsín, wosankhidwa ndi anthu, adalumbira pa 10 Disembala 1983. Mu 1985 khoti lidalamula kuti Videla akhale m'ndende moyo wake wonse. Adakhululukidwa mu 1990, koma malamulo oteteza asilikali atathetsedwa mu 2003 ndi 2005 milandu idatsegulidwanso. Astiz adalandira chilango cha moyo wonse mu 2011, ndipo Videla adafera m'ndende mu Meyi 2013. Maina, masiku ndi maumboni amene mabanja ndi abwenzi awo adasunga pa zaka zamdima adathandiza kwambiri pa milandu imeneyi.

Nyanja nayo sidasunge chinsinsi. Kumapeto kwa Disembala 1977 mafunde adalavulira mitembo kugombe, ndipo idakwiriridwa popanda maina m'manda a ku General Lavalle. Mu 2005 akatswiri opima mafupa adazindikira kuti ina mwa iyo idali ya mayi Villaflor, mayi Ballestrino, mayi Ponce ndi Sisitere Duquet. Patapita zaka pafupifupi 28, maliro adachitika. Phulusa la mayi Villaflor lidakwiriridwa pa Plaza de Mayo pa 8 Disembala 2005, ndipo atatu enawo adaikidwa m'munda wa tchalitchi cha Santa Cruz. Mafupa a Sisitere Domon sadapezeke nawo. Gulu la agogo, limene lidayamba mu 1977 kufunafuna ana pafupifupi 500 obedwa pamodzi ndi makolo awo kapena obadwira m'malo ozunzira, lidapeza oposa 130.

Kulimbika kwa mabanja a ku Latin America kudasinthanso malamulo a dziko lonse. Mu 1980 bungwe la United Nations lidakhazikitsa kagulu kofufuza za osowetsedwa. Pa 20 Disembala 2006 lidavomereza pangano loteteza anthu onse ku mchitidwewu, limene lidayamba kugwira ntchito mu Disembala 2010. Panganoli limati ozunzika si wotengedwa yekha, komanso onse amene apwetekedwa ndi kusowa kwake, ndipo ali ndi ufulu wodziwa zoona. Tsiku la 30 Ogasiti lidapatulidwa kuti tiziwakumbukira.

Nanga ife?

Nkhaniyi si yakutali monga tingaganizire. Achikulire pakati pathu akukumbukira zaka za chipani chimodzi, pamene munthu ankatengedwa popanda kuzengedwa mlandu, anansi n'kumaopa kuponda pakhomo la banja lake. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adasowa, napezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Zidalengezedwa kuti idali ngozi ya galimoto, koma komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti adachita kuphedwa ndi apolisi. Kwa zaka 11 mabanja awo adasenza chisoni chimene sichinkaloledwa kutchulidwa. Pamene Orton ndi Vera Chirwa adali m'ndende ya Zomba, ndi pamene mlakatuli Jack Mapanje adali ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, anthu a m'maiko akutali adalemba makalata osaleka kufunsa za iwo. Ifenso tidadyako chifundo cha alendo. Ndipo ku Zimbabwe, kumene kuli abale athu ambiri, mtolankhani Itai Dzamara adatengedwa m'nyumba yometera tsitsi ku Glen View, mumzinda wa Harare, pa 9 Malichi 2015. Mu 2025 zidakwana zaka 10 banja lake lisadauzidwe kumene ali.

Mwambo wolemba makalata sudathe. Mu 2001 kagulu ka Amnesty ka ku Warsaw, ku Poland, kadachezera usiku ndi usana kulemba makalata, ndipo kuchokera pamenepo ntchito yotere idafalikira m'maiko ambiri mwezi wa Disembala. Banja, mphakati kapena gulu la amayi a paparishi lingathe kuchita chimodzimodzi. Mbiri imene taonayi ikutiphunzitsa kalembedwe kake. Kalata ikhale yaifupi ndi yosavuta kumva. Itchule dzina la wosowayo, ndipo isalankhule za iye ngati wakufa. Isafunse chimene adalakwa, isalonjeze zimene wolemba sangathe, isalowetse ndale zimene zingaike banja pangozi. Idzere kubungwe lodalirika limene lidafunsa kale banjalo ngati likufuna kulandira makalata. Ngati banjalo ndi la chipembedzo china, tililemekeze posankha mawu. Ndipo koposa zonse tilembenso chaka chamawa, pakuti chisoni chotere chimatalika kuposa chidwi cha anthu.

Pamene banja lotere lili pafupi, kalata yabwino ndi mapazi athu. Amayi a ku Buenos Aires adalimbikitsidwa ndi anthu a ku Netherlands chifukwa chakuti a khomo loyandikana adatseka mazenera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Uthenga Wabwino umatisimbira za Maria wa ku Magadala, amene m'mamawa wa tsiku la Pasaka adalira pafupi ndi manda chifukwa sadadziwe kumene thupi la Ambuye lidaikidwa. Umatisimbiranso za amayi amene adaima pafupi ndi mtanda. Sadathe kuzula misomali kapena kusintha chiweruzo cha Pilato, koma sadachoke. Kwa mabanja a osowetsedwa, kawirikawiri nafenso sitingathe kutsegula ndende kapena kuloza manda. Tingathe kutchula dzina, kukhulupirira mboni, ndi kukhala nawo mpaka zoona zidziwike. Kapepala kamodzi, sitampa imodzi ndi kamphindi ka madzulo amodzi n'zokwanira kuyambira.